Gadiyani wa Kamphaka ku Nkolokosa

Mbiri ya zaumoyo mumzinda wa Blantyre ikadzalembedwa mwachilungamo, popanda nsanje ndi kukondera, dzina langa lidzakhala pa tsamba loyamba, madokotala onse m'munsi mwanga. Ndinalimbana ndi mliri ndekha, ndi manja anga awa, popanda yunifolomu, popanda alawansi, popanda ngakhale munthu wondijambula. Ndinapulumutsa moyo. Wodwalayo anali kamphaka kolemera ngati paketi ya shuga yotsala theka, ndipo mliriwo unali kutsegula m'mimba.

Nthawi imeneyo ndinali nditangosiyana ndi koleji. Anthu amati ndinalephera. Ine ndimati tinasiyana mwamtendere: iwo ankafuna mayankho a mtundu wina, ine ndinali ndi a mtundu winanso, ndiye aliyense anatenga zake. Ndinkakhala kwa achemwali anga ku Nkolokosa, mumpanda wa nyumba zinayi ndi mpopi umodzi. Chipinda changa chinali pabalaza, ndipo ogona nawo anali matumba a mpunga. Alamu anga, amuna awo a achemwali, amagulitsa mpunga ku Limbe, wochokera kwathu kuchigwa cha Shire, ndipo wotsala ankausunga pabalaza pomwepo. Pa alendo awiri ogona pabalazapo, mpunga ndi ine, amene ankafunsidwa m'mawa ngati wagona bwino anali mpunga.

Mumpandamo tinali ndi mdani mmodzi: makoswe. Kwa mayi landilodi, a nyumba yaikulu yakutsogolo, anali ataboola sofa. Kwa mayi atelala, a nyumba yapakati, anali atalawa diresi la mkwatibwi wina kutatsala pang'ono kuti ukwati uchitike. Kwa bambo a chiwaya, amene amakazinga tchipisi kumsewu, ankadya mbatatesi ngati anasonkha nawo mpamba. Kwathu ankabwera ndi mabanja awo. Mankhwala tinayesa, makoswe ananenepa. Msampha tinayesa, unagwira chala cha alamu.

Ndiye Lamlungu lina alamu anabwera kuchokera ku Soche, kwa mnzawo wa kutchalitchi, atanyamula katoni. Anaitsitsa pakati pa bwalo ngati munthu amene wabweretsa chida cha nkhondo. Mpanda wonse unasonkhana. Atatsegula, tinaona kanthu kotuwa, makutu aakulu kuposa mutu, maso akadali obiriwira ngati a khanda, kakuyenda chodzandira. Kanali katachotsedwa kwa amake msanga. Makoswe athu akanafuna, akanakanyamula kukapatsa ana awo kuti aziseweretsa.

"Kakula," anatero alamu, poona kuti palibe akuomba m'manja.

Titakhala pansi kudya, alamu anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, kodi inu m'nyumba muno ntchito yanu ndi chiyani?"

"Ndikuganizira za tsogolo langa, alamu."

"Lapezeka." Analoza katoni ija ndi fupa la nsomba. "Tsogolo lanu ndi ilo. Kakule, kagwire khoswe. Kakafera m'manja mwanu, ndikugulirani ndekha tikiti ya basi, mukathandize amalume anu kupopera thonje kumudzi. Munthu wolephera koleji timamumvetsa, mabuku ndi ovuta. Koma wolephera mphaka, ayi."

Achemwali sanandiikire kumbuyo. Anangondiwonjezera ndiwo, monga amachitira ndi munthu wa paulendo.

Amene sadziwa kwathu sangamvetse kukula kwa chilangochi. Kwathu abuluzi amathamanga osati chifukwa akuthamangitsidwa, koma kuopa kupsa mapazi. Amalume anga amadzuka nkhuku zisanaganize zolira, ndipo amakhulupirira kuti mthunzi unalengedwera mbuzi. Ndinayang'ana kamphaka, nako kanandiyang'ana. Tinamvana kuti moyo wa wina uli m'manja mwa mnzake.

Masiku oyamba zinthu zinali bwino. Ndinakakonzera beseni lakale, n'kuthiramo mchenga wotsala pomwe mayi landilodi ankamanga mpanda, ndipo fosholo ndinadula ku botolo la mafuta ophikira. Kamphaka kanaphunzira beseni lake mofulumira kuposa mmene ine ndinaphunzirira chilichonse ku koleji. Masana kankayendayenda mumpanda, kulowa nyumba iyi, kutulukira iyo.

Kenaka mchenga unayamba kusintha.

Pepani amene mukuwerenga muli pachakudya, koma sayansi ilibe manyazi. Tsiku lina ndinapeza zamadzi, zachikasu, za thovu pamwamba ngati mowa wamasese. Mawa lake zinali zotuwa, zonyezimira, moti dzuwa likawomba munthu akanatha kudziyang'anirapo. Tsiku linalo zinali zofiirira, ndi timakoko tofiira, ndipo kamphaka kanalira pochita, kenaka n'kuyenda kakukhwekhwereza kumbuyo kwake pasimenti. Fungo lokha linkafika pabalaza kamphakako kasanatuluke m'beseni. Mimba inatupa ngati kampira, koma nthiti zinayamba kuwerengeka. Ine ndinkakapatsa phala lopanda kanthu ndi usipa wowiritsa. Nanga utoto wonsewu unkachokera kuti?

Munthu wosagwira ntchito ali ndi chuma chimodzi, ndiyo nthawi. Ndinakhala pakhonde ndi buku lotsegula, limene sindinkawerenga, n'kumakatsatira ndi maso. Ndinaona kakulowa kwa mayi landilodi, n'kutuluka ndevu zili mbuu ndi mkaka. Ndinaona kakulowa kwa mayi atelala, n'kutuluka kakunyambita msuzi wa tomato ndi tsabola. Ndinaona bambo a chiwaya, pochoka kupita kumsewu, akugwetsa mwangozi kachidutswa ka mafuta a nyama, ngozi imene inkachitika tsiku lililonse pamalo omwewo, kutsogolo kwa chitseko chawo.

Apo ndinamvetsa. Mphaka anali mmodzi, nyumba za makoswe zinali zinayi. Aliyense ankadziwa kuti mphaka akakula amagona kumene amadya bwino, ndipo kumene wagona mphaka makoswe amasamuka kupita kwa aneba. Anthu atatu opemphera, olemekezeka, opatsana moni pampopi m'mawa uliwonse, anali pa kampeni. Ankagula voti ya kamphaka, ndipo zotsatira za chisankho zinkatuluka m'beseni langa.

Sipanatenge nthawi, ndinayamba kuwerenga mchenga ngati nyuzipepala. Zachikasu za thovu: mayi landilodi. Zotuwa zonyezimira: bambo a chiwaya. Zofiirira zoliza mwini: mayi atelala. Masiku ena zinkabwera zosakanikirana, ndiye ndinkadziwa kuti kunali msonkhano wa zipani zonse.

Chimene chinafikitsa nkhaniyi kwa alamu chinali china. M'mawa wina, akumanga nsapato, anasuzumira m'beseni n'kuima chilili.

"Alamu! Tabwerani kuno. Ichi n'chiyani?"

Pamwamba pa zimene kamphaka kanasiya panali timbewu toyera, tofanana ndendende ndi mpunga.

"Ndabweretsa mlonda, mlondayo wayamba kudya katundu!" anatero alamu. "Mpunga wanga uwu. Ndimaudziwa. Taonani kutalika kwake."

Anawerama kuti atsimikize mtundu wake, pakuti alamu pa nkhani ya mpunga safuna kulakwitsa. Ali chiweramire, kambewu kamodzi kanadzitambasula, n'kudzikhwinyata, n'kuyamba ulendo wolowera kumpoto.

Alamu anaweramuka pang'onopang'ono.

"Uwu si wanga," anatero. Anapita ku Limbe osamwa tiyi.

Achemwali ndi amene anati zimenezi zafika pa dokotala wa ziweto. Anandipatsa ndalama ndi malangizo: "Utengeko pang'ono zimenezo, akaone okha. Usakayambe kuwafotokozera m'Chingerezi chako chija." Ndinaika umboni m'kabotolo ka mafuta odzola, n'kukulunga m'majumbo awiri. Wodwala ndinamuika m'katoni yake yoboola, ndipo tinakakwera minibasi yopita m'tauni.

Tisanafike patali, katoni inalira.

"Bwana, katunduyo akulankhula," anatero kondakitala. "Katundu wolankhula amalipira."

"Ndi wodwala, aise."

"Odwala amalipiranso. Iyi si ambulansi."

"Ndamunyamula pamiyendo."

"Nanga akudwala chiyani?"

Sindinafunike kuyankha. Minibasi inagwa m'dzenje, katoni inagwedezeka, ndipo wodwala anafotokoza yekha matenda ake. Mayi amene ndinakhala naye anayang'ana kaye khanda la mayi wina wa kumbuyo, mwachidzudzulo. Mwini khanda anati, "Ayi, mayi, wanga sachita zotere, wangayu ndi munthu." Mawindo amene anali asanatsegulidwepo chigulireni galimotoyo anatseguka tsiku limenelo. Anthu anayamba kukumbukira kuti ali ndi zochita pa siteji yotsatira. Pofika m'tauni ndinali ndekha pampando wa anthu anayi, miyendo yotambasula ngati nduna, ndipo kondakitala anali atatulutsa mutu ndi mapewa panja. Ya katundu sanaifunsenso.

Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wanga, satifiketi yake ili m'galasi pakhoma. Ndinaiyang'ana monga munthu wanjala amayang'anira nkhuku yowotcha pawindo la lesitilanti. Anakatulutsa kamphaka, n'kutsina khungu la pakhosi. Khungulo linatsala lili chiimire, osabwerera.

"Madzi athamo m'thupi," anatero. "Kamwana kotere sikachedwa. Kakuchita chimbudzi chotani?"

Funso limeneli ndinali nditaliyembekezera moyo wanga wonse. Ndinakonza kolala. Ndinafotokoza mitundu yonse itatu, utoto wake, kulimba kwake, nthawi yake, ndi nyumba imene uliwonse unkachokera. Ndinamaliza ndi mpunga woyenda, n'kupereka kabotolo ndi manja awiri.

"Mwayang'anitsitsa bwino kwambiri," anatero dokotala.

Aka kanali koyamba munthu wa satifiketi kundiuza mawu otere. Ndinafuna kupempha kuti alembe papepala, adinde.

Anandifotokozera kuti timpungato ndi zidutswa za njoka zam'mimba, ndipo zimalowa kamphaka kakameza utitiri podzinyambita. Zimenezo, anati, n'zosavuta: anakamwetsa mankhwala, n'kukathira ena opha utitiri. Chovuta chinali chakudya. Mkaka wa ng'ombe mimba ya kamphaka siugaya, umangodutsa. Mafuta okazingira ndi chimodzimodzi. Anyezi ndi tsabola ndiye poizoni weniweni. Kadye nsomba yowiritsa yopanda mchere, yonyenyanyenya, pang'ono pang'ono koma pafupipafupi, ndi madzi oyera, ngakhale kukamwetsa ndi kasupuni. China chilichonse ayi, mpaka chimbudzi chilimbe.

"Mukaona magazi, kapena chakuda ngati phula, kapena kakasiya kudya, muthamange nako kuno. Ndipo anebawo muwauze asiye."

Anaziyankhula mopepuka, ngati munthu amene sanakhalepo m'nyumba ya lendi.

Ndinawauza madzulo a tsiku lomwelo pampopi, onse atatu alipo. Ndinayamba ndi ulemu wonse, n'kutchula dokotala kawirikawiri kuti mlandu ukhale wake.

"Mphaka osamwa mkaka?" anatero mayi landilodi, akutsitsa magalasi. "A koleji, zimenezi ndi zimene munkaphunzira kumene kuja? N'chifukwa chake anakubwezani. Ine ndalera amphaka inu musanabadwe."

"Anakula, mayi?"

"Ena anakula."

Mayi atelala anaika ndowa pansi. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi, ndipo iwo amati m'banja mwawo munthu akhoza kukunyoza nkhope, koma osati mphika.

"Ndiye mukuti ndiwo zanga zimatsegula m'mimba? Nenani bwinobwino, anthu amve. Ana anga amadya zomwezo tsiku ndi tsiku. Mwaikapo angati m'manda?"

"Sindikunena ndiwo zanu, mayi, ndikunena tsabola."

"Tsabolayo amadziika yekha mumphika?"

Bambo a chiwaya anakweza manja onse awiri. "Ine, amwene, sindikapatsa kanthu. Kamangobwera kudzacheza. Munthu ungathamangitse mlendo?"

Onse anakana, onse anakwiya, ndipo onse anapitiriza. Mwina aliyense ankaganiza kuti akasiya yekha, anzakewo apambana. Mwinanso, ndipo izi ndimazikhulupirira, poona kakuwonda ankakamvera chisoni chenicheni, ndipo kwathu kuno chisoni chimabwera m'mbale. Kutsekera kamphaka m'nyumba sikunathandize. Mayi landilodi anali ndi ufulu wolowa kudzaona ngati denga likudontha, m'chilimwe, atanyamula kapu. Bambo a chiwaya anali ndi dzanja lodziwa kuponya pawindo.

Achemwali anandikokera kukhitchini. "Iwe, usadzayerekezenso kuuza mayi wa mwini kuti ndiwo zake zimadwalitsa. Chakudya cha neba sakana. Tisamuka pano chifukwa cha pakamwa pako."

Njoka zinatha, koma kutsegula kunapitirira. Kamphaka kanasiya kuyendayenda. Kankagona m'katoni, ubweya wa kumchira uli nyankhalala, kakatsegula kukamwa kuti kalire mawu osatuluka. Ndinkakatsuka ndi kansalu ka madzi ofunda, n'kukamwetsa ndi kasupuni, dontho limodzi limodzi. Ndikakanyamula, mtima wake unkagunda m'chikhatho changa mofulumira, ngati kanthu kofuna kutuluka. Alamu anayamba kufunsa anthu, mokweza, kuti basi ya kuchigwa imanyamuka nthawi yanji masiku ano. Achemwali anatsitsa chikwama changa pamwamba pa wodilopu, n'kuchipukuta fumbi. Ndinayamba kumva fungo la mankhwala a thonje m'mphuno. Ndivomere kuti pofika apa sindinkaopa thonje lokha. Kanthu kakakugonera m'manja kangapo, umayamba kukawerengera ngati wachibale.

Nzeru inandipeza ndikutsuka beseni. Ndinakumbukira chaka chimene bambo anga anagonekedwa kuchipatala chachikulu, ine ndili gadiyani wawo, wogona pansi pa bedi, wotsuka mbale ndi kuthamangira anamwino. Madokotala anali atalamula kuti bambo azingomwa phala. Koma abale, a mpingo, ndi a kwathu onse okhala m'tauni ankabwera kudzazonda, aliyense ndi kontena: nkhuku, mpunga, nthochi, thobwa. Panalibe amene anauzidwa kuti chakudya chake n'choletsedwa. Panalibenso amene anayerekeza kudyetsa wodwala ndi dzanja lake. Mwambo wa kuchipatala aliyense amaudziwa: chakudya umapereka kwa gadiyani, gadiyani amati, "Zikomo, adya akadzuka," ndipo nkhani yathera pomwepo. Kumene chimapita, onse amadziwa, ndipo safunsa. Bambo anatuluka m'chipatala ataonda, ine ndinatuluka batani la thalauza likukana.

Anthu a mumpanda mwathu lamulo la dokotala akanalikana mpaka kalekale. Koma mwambo wa kuwodi sakanautsutsa.

Ndinasesa pakona ya balaza. Ndinaika katoni pampando, n'kuifunditsa kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu. Ndinavala shati yoyera imene ndinkavala polemba mayeso, poti inali isanaonepo chipambano chilichonse. Kenaka ndinapita pampopi, manja kumbuyo, nkhope ya maliro.

"Makolo anga, ndabwera kudzakudziwitsani kuti wodwala uja wagonekedwa. Sakuloledwa kutuluka. Ofuna kuzonda, khomo ndi lotsegula m'mawa ndi masana. Gadiyani ndine."

Ndinkayembekezera kusekedwa. Koma mayi landilodi anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Zafika pamenepo? Pepani." Mawa lake m'mawa ndinamva kuodira pakhomo. Anali iwo, atavala chitenje chatsopano, fulasiki m'manja.

"Agona bwanji odwala?"

"Ayesera, mayi. Usiku anavutikako, koma kwacha."

Anasuzumira mu neti, n'kupukusa mutu, n'kupemphera mwachidule, kupempherera odwala onse a m'zipatala ndi a m'makomo. Potuluka anandipatsa fulasiki ndi manja awiri. "Kamkaka aka, mukapatse kakadzuka."

"Zikomo, mayi. Adya akadzuka."

Sanayese n'komwe kutsegula neti.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti kampeni ija, imene kale inali ya mseri, tsopano inali ya poyera. Mayi atelala ataona fulasiki ikudutsa pabwalo, masana anabwera ndi bakuli lodzaza usipa wotendera, ataliphimba ndi kansalu kopeta. Bambo a chiwaya anabwera ndi jumbo ya tchipisi, pamwamba pali chiwalo cha nkhuku. Mawa lake mayi landilodi anawonjezera masikono pa mkaka uja. Mayi atelala anayankha ndi futali. Bambo a chiwaya anayamba kuthirako kabichi, viniga ndi tsabola, n'kundifunsa pakhomo, nkhope ili gwa, "Kodi odwalawo mchere amaukonda wambiri?"

"Wapakatikati," ndinatero.

"Ndinaganiza choncho."

Dzina la "a koleji" linafa sabata imeneyo. Ndinakhala "a gadiyani." Ana a mayi atelala akachita phokoso pabwalo ankakalipiridwa kuti kuli matenda. Alamu pobwera ku Limbe ankapeza nsapato za alendo pakhomo, n'kulowa mwakachetechete m'nyumba yawo yomwe.

Tsono gadiyani ali ndi udindo. Chakudya cha ozonda sataya: ndi tchimo, komanso dzala la mumpanda ndi limodzi, aliyense amaona zimene mnzake wataya. Mbale iyenera kubwerera yopanda kanthu, yotsukidwa, ndi lipoti lakuti odwala anayamikira. Ndinapempha achemwali kuti tithandizane.

"Gadiyani ndi iwe," anatero. "Ine ndine wachibale chabe."

Choncho kamphaka kankadya nsomba yake yowiritsa, kachidutswa kangati chala, ine n'kumadya voti. Ndinkadya modzipereka, chitseko chotseka, monga msilikali amene wagona pa bomba kuti anzake apulumuke. Wodwala ankandiyang'ana kudzera mu neti, ndi maso a munthu amene akudziwa kuti akuberedwa koma alibe loya.

Pang'ono ndi pang'ono mchenga unayamba kubweretsa nkhani zabwino. Thovu linatha. Kunyezimira kunatha. Zamadzi zinasanduka zaphalaphala. Kamphaka kanayamba kulira momveka, kenaka kanang'amba neti, kenaka kanandiluma chala chakuphazi ndili mtulo masana. Ndipo m'mawa wina ndinapeza m'beseni chinthu chimene sindidzachiiwala: chabulauni, cholimba, choumbika bwino, chamfundomfundo ngati chipatso cha bwemba. Mwini wake anali pambali, akukwirira ndi kaphazi, modzilemekeza, ngati kalaliki wotseka ofesi.

"Dikira kaye," ndinakauza. "Anthu aone."

Ndinaitana mpanda wonse. Anthu akuluakulu anayi, ena atavala kale zopita kuntchito, anazungulira beseni. Mayi atelala analuluta pang'ono. Mayi landilodi anati, "Mwaona mkaka?" Bambo a chiwaya anati mafuta ndi amene amamanga thupi. Ine sindinatsutse aliyense. Alamu anafika pomaliza, manja kumbuyo, n'kuwerama monga amachitira poyesa thumba latsopano. Anayang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati chilipo choyenda. Panalibe.

"Alamu," anatero, "munthu amene angayang'anitsitse zinthu zotere tsiku ndi tsiku osatopa, angathe kusankha miyala mumpunga. Mawa tipitira limodzi ku Limbe. Mukakhale pabenchi."

Achemwali anabweza chikwama pamwamba pa wodilopu.

Tsiku lomwelo ndinalengeza kuti wodwala atulutsidwa mawa, ndipo uku kunali kulakwitsa kwanga kokha pa ntchito yonseyi. Aliyense anaona kuti watsala ndi mwayi umodzi. Madzulo zinafika pamodzi: fulasiki yodzaza mpaka kukamwa, mkaka wake wokhala ngati unagona kunja kwa firiji nthawi ya kuzima kwa magetsi, bakuli la matemba a tsabola amene mayi atelala anati ndi wochokera kwawo kwenikweni, ndi tchipisi za pansi pa chiwaya, zimene zasambira m'mafuta kuyambira m'mawa. Ndinayang'ana zonsezo, n'kuyang'ana kamphaka. Gadiyani sathawa pa tsiku lomaliza. Ndinatsuka mbale zitatu.

M'mawa ndinavala shati yoyera ija, n'kukwera minibasi ndi alamu, munthu wopita kuntchito ngati anthu ena onse. Tili m'njira, m'mimba mwanga munalankhula mawu oyamba, otsika, ngati galimoto ya katundu ikukwera chitunda. Alamu anayang'ana pawindo kuona ngati kukubwera mvula. Mawu achiwiri anamveka ndi kondakitala yemwe. Ndinayamba kutuluka thukuta lozizira. Dzenje lililonse la mumsewu ndinkalidziwa ndi dzina. Ndinapemphera mapemphero amene ndinali ndisanapemphere ngakhale m'chipinda cha mayeso.

Titafika pa depoti ya Limbe sindinatsanzike. Ndinadutsa pakati pa oitanira, ogulitsa mazira ndi onyamula katundu, ndikuyenda mayendedwe a munthu amene akufuna kuthamanga koma akudziwa kuti kuthamanga ndiko kungamuphe. Pakhomo pa chimbudzi cholipira panali mayi atakhala pampando, mpukutu wa pepala m'manja.

"Chachikulu kapena chaching'ono?"

"Mayi," ndinatero, "cha mbiri."

Sindifotokoza zambiri. Ndingonena kuti monga katswiri, ndisanatuluke ndinayang'ana, ndipo ndinazindikira nyumba zonse zitatu.

Nditafika pabenchi, ndinapeza alamu akuyeza mpunga. Sanatukule mutu.

"Odwala ali bwanji?"

"Ayesera, alamu."

"Gadiyani wawo ndani?"

"Alibe."

Anandithirira madzi m'kapu, n'kuikamo shuga ndi kamchere, n'kundiloza thumba loti ndikhalepo.

Kamphaka kaja kanakula. Khoswe wake woyamba kanamuika mu nsapato ya alamu, ndipo alamu anayenda nayo nkhaniyo msika wonse wa Limbe ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Pa nkhani ya kogona, zipani zonse zitatu zinagwa: mphakayo amagona pa matumba a mpunga, pamalo anga akale, ndipo m'mawa amafunsidwa ngati wagona bwino. Kuthonje sindinapite. Mayi landilodi mpaka lero amauza alendo kuti mphaka ameneyu anachira ndi mkaka wawo, ndipo ine ndimavomera, chifukwa mkakawo unagwiradi ntchito, kungoti mwa munthu wina.

Ndalama ya dokotala analipira achemwali. Ya minibasi analipira alamu. Nsomba ya wodwala inkachoka pa ndiwo za m'nyumba. Pa nkhondo yonseyi, m'thumba mwanga munachoka K200, ya chimbudzi cha pa depoti, ndi pepala lomwe.